Botolo Limene Amayi Anasiya

1. Tsiku losesa

Amayi ake a Ennie anaikidwa m'manda Lachitatu. M'mawa mwake akazi anabwera ndi matsache kudzasesa pakhomo, monga mwa mwambo. Ennie anapatsidwa chipinda chogona kuti atulutsemo zonse za malemu.

Ennie Nkhoma anali mtsikana wa giledi 10. Ankakhala pa kampu ya asikauti ku Kakumbi, m'mphepete mwa paki, chifukwa atate ake, a Harris, anali sikauti wolondera nyama. M'nyumba mwawo tsopano munatsala anthu atatu: atatewo, iyeyo, ndi mng'ono wake Brenda wa giledi 4.

Chimwalirireni amayi, Ennie sanalire. Sikuti ankadziletsa, koma misozi sinabwere basi. Akamuuza kuti katunge madzi, ankatunga. Akamuuza kuti khala apa, ankakhala mpaka wina adzamudzutse. Kumanda akazi a mpingo anamugwira m'mapewa poopa kuti agwa, koma iye anangoima chilili n'kumayang'ana nyerere zimene zinkayenda pa dothi lofukulidwa.

M'chipindamo anapinda zitenje za amayi n'kuziika m'dengu. Anatulutsa nsapato zawo za kutchalitchi, duku loyera ndi ambulera yothyoka. Kenako anagwada n'kulowetsa tsache pansi pa bedi. Tsachelo linagunda kanthu.

Linali botolo loyera la pulasitiki, la chivindikiro chofiira. Pepala lake linali lopalidwa ndi mpeni. M'kati munali madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, otsala pang'ono kufika pakati.

Ennie analidziwa botololo. Amayi ake, a Christine, anayamba kufooka nyengo yozizira. Ku kiliniki anawauza kuti magazi achepa, n'kuwapatsa mapilisi. Kenako amalume ake a Ennie, a Hosea, anabwera kuchokera ku Msoro ndi mankhwala awo ophika okha. Amayi ankamwa mapilisi, ankamwanso kapu ya mankhwalawo m'mawa ndi madzulo.

Patapita milungu ingapo maso awo anasanduka achikasu. Anayamba kusanza, miyendo n'kutupa. Atawatengera ku chipatala chachikulu, namwino anafunsa ngati anamwapo mankhwala achikuda. Akulu awo a wodwalayo, a Justina, anayankha kuti ayi. Ennie anali pomwepo atanyamula beseni, ndipo sananene kanthu.

2. Mawu a amayi aakulu

Ennie akadali chigwadire, a Justina analowa kudzatenga dengu. Ataona botolo m'manja mwake, anabwerera n'kutseka chitseko. Anakhala pa bedi.

"Wina waliona?"

"Ayi, amayi aakulu."

"Sendera kuno." Anamugwira dzanja n'kutsitsa mawu. "Mvera, mwana wanga. Amalume ako anayamba kuchiza anthu iwe usanabadwe. Ku Msoro kulibe nyumba imene sinamwepo muzu wawo. Iwe wemwe uli khanda unatsegula m'mimba mpaka liwombo kulowa. Anayenda wapansi ndani kubwera ndi mankhwala? Ndi iwo. Lero ndiwe namwali, ukuwerenga mabuku.

"Koma anthu pakamwa ndi oipa. Akangoona botolo ili adzati a Hosea apha mlongo wawo. Sadzafunsa za matenda, sadzafunsa za mapilisi. Mawu otere akatuluka sabwerera, mwanawe. Adzayenda pa mjigo, adzafika ku tchalitchi, mwina ndi ku polisi komwe. Munthu wamkulu uja adzafa ndi manyazi.

"Ndiye uganizenso izi. Iwe ndi Brenda mwini wanu ndani? Atate anu ndi munthu wabwino, sindikana. Koma kwathu kuno ana ndi a kuchikazi. Mbumba ndi ya amalume. Ukadzafuna kukwatiwa adzakhala patsogolo ndi iwo. Ukadzadwala adzathamanga ndi iwo. Amayi ako apita, sitingawadzutse. Tisunge amene atsala. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Ennie anayang'ana chivindikiro chofiira chija.

"Wamva?"

"Ndamva."

"Lero pakhomo pali anthu. Libise kuseri kwa nkhuni. Mawa upite nalo kudambo, kumene anthu saponda. Ukakhuthule, botolo ukakwirire. Mankhwala a munthu wakufa sagona m'nyumba."

Ennie analikulunga m'chitenje chakale n'kukalibisa kuseri kwa nkhuni. Atabwerako anapitiriza kusesa.

3. Pansi pa mtengo wa mango

Dzuwa litapendeka, anthu ambiri anabalalika. A Harris anapita ku ofesi ya kampu kukaonana ndi akuluakulu awo. A Hosea anatsala pansi pa mtengo wa mango, pamene anakhala kuyambira m'mawa. Anali munthu wamtali, wowonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Chiikireni maliro sanalawe kanthu.

Brenda anadutsa pafupi atanyamula mbale. Amalume anamuitana. Anamuimika pakati pa mawondo awo, n'kumukoka chikope ndi chala. Anamutembenuzanso zikhatho.

"Justina, tabwera uone. Moyera ngati thonje. Mlongo wanga anayamba chonchi."

Anatsegula chikwama chawo cha chikopa n'kutulutsa botolo lina. Linali loyera, la chivindikiro chofiira, lodzaza.

"Ennie, tenga kapu."

Ennie analowa m'nyumba n'kubwera ndi kapu. Amalume anathira. Brenda anamwa atatseka maso, kenako anapukuta pakamwa ndi mkono n'kuthamangira kuseri kwa nyumba.

"Khala pansi," anatero a Hosea kwa Ennie. "Ndamva kuti pa kiliniki panu pali mayi wa ku Lusaka amene akulemba mitengo. Akuti anafikanso ku sukulu kwanu."

"Anafika, amalume. Temu yapitayi."

"Ananditumizira uthenga kuti akufuna kucheza nane. Ndinakana, ndipo ndikuuze chifukwa chake. Anthu awa sanayambe lero. Ine ndili mnyamata kunabwera ena pa galimoto. Agogo ako anawayendetsa m'tchire, kuwaonetsa muzu uwu, khungwa ili, tsamba ilo. Analemba, anajambula, anapita. Sitinawamvenso. Kaya nzeru zija anakazithira m'mabotolo okongola, ife sitidziwa. Dzina la agogo ako silinalembedwe paliponse.

"Akafuna kudziwa amati, 'Agogo, tiphunzitseni.' Munthu akafa amati, 'Asing'anga apha.' Kodi ku chipatala anthu safa? Mlongo wanga watsirizikira pa bedi lawo, osati pa mphasa yanga. Mankhwala awa ndapatsa anthu ambirimbiri, ndipo akulima thonje mpaka lero. Mapilisi awo aja ndi amene anakalimbana ndi mizu yanga m'thupi.

"Usamapite kwa mayi ameneyo. Akakufunsa za kwathu, uziti sindidziwa. Mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka wapita. Amene tidzatsale nawe ndife."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali.

"Christine ndinamubereka kumsana ine," anatero motsitsa. "Sindilola kuti mwana wake apite njira yomweyo."

Ennie anatenga kapu ija n'kukaitsuka.

4. Atate apita m'tchire

Lachisanu m'mawa Ennie anapeza atate ake pakhonde akumanga nsapato za ntchito. Chikwama chawo chobiriwira chinali pambali. Akuluakulu anawauza kuti apume, koma iwo anapempha okha kuti apite ndi gulu lolowa m'paki tsiku limenelo.

"Mukupita, atate?"

"Ndikupita. M'nyumba muja sindingathe kukhalamo. Ndikalowa ndikumva ngati akutsokomola." Anakoka chingwe cha nsapato. "Amayi aakulu akhala nanu mpaka ndibwere."

Ennie anakhala pa sitepe.

"Atate, amayi anafa ndi chiyani?"

A Harris anasiya chingwe chija. Anayang'ana kumene kunagona alamu awo, kenako anayang'ana pansi.

"Sindidziwa, Ennie. Ndipo kusadziwako kukundidya. Ku ntchito kwathu tikapeza nyama yakufa pa chithaphwi, sitiikwirira n'kunena kuti ndi Mulungu. Timayang'ana mapazi. Timafunafuna bala. Timatunga madziwo m'botolo, timadula kanyama, n'kutumiza kwa adokotala a nyama. Tikapanda kutero, mawa pa chithaphwi chomwecho pamafa zina. Mvuu imodzi ikafa osaifufuza, mtsinje wonse umanunkha.

"Koma za anthu n'zovuta. Ine kwanu ndine tambala chabe, ndinangobwera kudzakwatira. Sindingaimirire maliro asanazizire n'kuyamba kufunsa amalume ako mafunso. Adzati mkamwini wapenga. Adzakutengani nonse awiri, ine n'kutsala ndekha ndi mfuti.

"Choncho uzimvera. Akulu akalankhula usayankhe. Usachite kanthu kalikonse ndisanabwere. Ndikabwera tidzakhala pansi, tidzaona pomwe tingayambire. Uyang'anire mng'ono wako."

Ennie anatsegula pakamwa kuti anene za kapu ya dzulo. Nthawi yomweyo galimoto ya asikauti inaliza hutala pa geti. Atate anakoleka chikwama, anamugwira pamutu, n'kunyamuka.

Atalowa m'nyumba anapeza Brenda atakhala pa mphasa, kapu yopanda kanthu ili pambali pake. Amalume anali atamupatsa kale ya m'mawa. Mwanayo anali ndi kagalasi kosweka ka amayi, akudzikoka chikope.

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikuona ngati ayamba," anatero Brenda. "Maso a amayi anayamba chikasu tsiku liti? Anga ayamba liti?"

Anafunsa ngati mmene munthu amafunsira za tsiku lotsegulira sukulu. Ennie anamulanda kagalasiko n'kukaika pamwamba pa kabati. 

"Ennie," anaitana a Justina ali panja. "Ntchito ija."

5. Kudambo

Anatenga chitenje chija kuseri kwa nkhuni, ndi kakhasu, n'kutsata njira ya kudambo. Unali mwezi wa Okutobala. Mitengo ya mupani inali mbee, yopanda masamba, ndipo nyenje zinkalira mosalekeza. Anadutsa minda yozunguliridwa ndi zingwe za nsanza zopaka tsabola, zoingitsira njovu. M'njira munali ndowe za njovu za dzulo.

Dambo linali louma, dothi litang'ambika ming'alu yolowa phazi. Pakati pake panali mtengo waukulu wa mvunguti, zipatso zake zazitali zikulendewera pa zingwe. Ennie anaima pambali pang'ono, chifukwa mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti pansi pa mvunguti sakhalapo, poopa kugweredwa ndi chipatso.

Anakumba kadzenje. Anamasula chitenje n'kutsegula botolo. Fungo linatuluka, lowawa, la makungwa ophika. Linali fungo la m'chipinda cha amayi.

Anapendeketsa botolo. Madzi pang'ono anagwera m'dzenje, dothi n'kuwamwa nthawi yomweyo. Panatsala kadontho kakuda, ndipo nako kanayamba kuuma iye akuyang'ana.

Anaimika botolo lija.

Anakhala choncho kwa kanthawi, botolo lili m'manja. Anyani anadutsa chapatali, wina atabereka mwana. Ntchentche inatera pa mkono wake, iye osaiingitsa.

Kenako anatseka chivindikiro n'kuchilimbitsa. Anakwirira dzenje lopanda kanthu, n'kusiya kakhasu pa tsinde la chitsamba. Sanabwerere njira ya ku kampu. Anadutsa dambo n'kukatulukira pa msewu wafumbi wopita ku kiliniki.

6. Chipinda cha masamba

Anafika dzuwa lili pamutu. Pakhonde la kiliniki panali azimayi ambiri a sikelo, ana ali kumsana. Ena anamudziwa n'kumupepesa. Iye anayankha mwaulemu n'kuzungulira kuseri, kumene kunali kachipinda kamene kale kanali kosungiramo katundu.

A Deborah Sakala anali pa tebulo, akuyala masamba pakati pa manyuzipepala akale n'kuwapanikiza ndi matabwa. Anali mayi wamfupi wa imvi zochepa, wochokera ku yunivesite ina ya ku Lusaka. Anabwera m'chigwa kudzafufuza mankhwala a zitsamba amene anthu amamwa. Pa mashelefu panali timabotolo ta mizu ndi makungwa, ndipo pakona panali kafiriji koyendera sola.

"Odi."

"Lowani. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu, madamu."

Ennie anatchula dzina lake ndi la atate ake. A Sakala anasiya masamba aja n'kumukokera mpando.

"Ndinamva za amayi ako. Pepa kwambiri, Ennie."

Ennie anamasula chitenje n'kuika botolo pa tebulo.

"Amayi ankamwa awa pamodzi ndi mapilisi. Ku chipatala sitinanene. Ndikufuna mundiuze ngati ndi amene anawapha."

A Sakala sanaligwire msanga. Anavala magolovesi, anatsegula, ananunkhiza chapatali n'kutsekanso.

"Anaphika ndani?"

"Amalume. Amaikamo chipatso cha mvunguti ndi mizu iwiri. Mizuyo satchula maina."

"Nanga botololi kale munali chiyani?"

"Mankhwala opopera thonje. Ku Msoro anthu amasunga mabotolo amenewa. Amatsuka ndi phulusa."

A Sakala anakhala pansi moyang'anana naye.

"Sindingakuyankhe lero. Ndikakuyankha lero ndiye kuti ndakunamiza. Tamvera mmene zilili. Mwina amayi ako anali ndi matenda ena amene sanaoneke msanga, ndipo akanamwalira ngakhale akanapanda kumwa izi. Mwina muzu umodzi ndi waukali, umapweteka chiwindi munthu akamwa masiku ambiri. Mwina muzuwo paokha ndi wabwino, koma sugwirizana ndi mapilisi. Mwinanso vuto si mtengo ayi, koma botololi. Pulasitiki imamwa mankhwala a thonje, ndipo phulusa silichotsa onse. Botolo lotere siliyenera kusungira chinthu cholowa m'kamwa.

"Kuti tidziwe, madzi awa ayenera kupita ku labotale. Kumeneko amawalekanitsa n'kuona zimene zilimo, chimodzichimodzi. Tiyeneranso kuona mizu yeniyeniyo ndi masamba ake, kuti tidziwe mtengo wake. Zimatenga nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Usaganize kuti ine ndinabwera kudzanyoza mitengo. Mankhwala ena a malungo amene mumalandira pa kiliniki pano anachokera ku chitsamba. Koma asanafike kwa inu, anthu anayeza kuti munthu amwe wochuluka bwanji, kwa masiku angati, ndiponso ndani sayenera kumwa. Mtengo umene uli ndi mphamvu yochiza uli ndi mphamvu yopweteka. Chimene ndimapempha anthu n'chimodzi: namwino akafunsa zimene mwamwa, muzinena. Safunsa kuti amange munthu. Amafunsa kuti adziwe pothandizira."

Ennie anayang'ana manyuzipepala aja.

"Amalume amati anthu ngati inu mumaba nzeru n'kupita."

"Sakunama. Ena anachitadi zimenezo, ndipo n'chifukwa chake sindiwakakamiza. Ine sindilemba kanthu mwini wake asanavomere, ndipo akavomera dzina lake limakhalapo. Koma taganiza, Ennie. Ngati vuto ndi botolo, ndiye kuti mizu ya amalume ako ilibe mlandu. Kafukufuku yemwe akumuopayo ndi amene angawayeretse."

Anatenga botolo, analikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliika pansi penipeni mu firiji.

"Ndilisunga, koma sindilitumiza. Iwe sunakwane zaka eyitini. Pafunika atate ako avomere ndi pakamwa pawo." Anavula magolovesi. "Pali wina amene akumwa mankhwala awa?"

"Brenda, mng'ono wanga. Dzulo madzulo ndi lero m'mawa. Amalume akuti magazi ake achepa."

A Sakala anaimirira.

"Asamwenso, ngakhale kapu imodzi, mpaka tidziwe. Ubwere naye lero lomwe. Amubaya pa chala n'kuona magazi. Mwana akayera m'maso nthawi zambiri zimakhala njoka za m'mimba, malungo kapena likodzo, ndipo zonsezo zimachizika pompano. Kodi ndipite nawe?"

"Ayi. Mukabwera, amalume adziwa."

"Chabwino. Ndikudikira mpaka atseke."

Anamupatsa madzi akumwa. Ennie anamwa kapu yonse, anapinda chitenje chopanda kanthu chija, n'kutuluka.

7. Chitseko chotseka

Pobwerera anadzera kudambo kukatenga kakhasu. Atafika pa kampu anapeza pakhomo pawo pali zii. Pansi pa mango panalibe munthu. Mphasa inali yopindidwa, chitseko chokoweka ndi waya.

Analowa. Dengu la zovala za amayi munalibe. Yunifolomu ya Brenda, imene inkakhala pa msomali, panalibe. Nsapato zake za kusukulu nazonso munalibe.

Anatuluka n'kupita ku kanyumba ka wayilesi pafupi ndi geti. A Monday, sikauti wachikulire amene anatsala kulondera kampu, anali pamthunzi akupukuta nsapato.

"A Monday, kwathu apita kuti?"

A Monday anaika burashi pansi.

"Sanakuuze? Apita ku Msoro. Panadutsa galimoto ya kanta yopita komweko, akwera imeneyo. Amalume ako, amayi ako aakulu, ndi kamtsikana."

"Amayi aakulu anati akhala nafe."

"Anatero, inde. Koma kunabwera mayi wina wochokera ku sikelo. Anaima pa mango paja n'kunena kuti wakuona ukulowa kwa mayi wa mitengo uja utanyamula kanthu m'chitenje.  Amalume ako atamva zimenezo, anamanga chikwama. Ndinamva akuti mwanayu akamalizira mankhwala ake kumudzi, kumene kulibe maso a anthu."

"Brenda ananena chiyani?"

"Anafunsa ngati iwe ukubwera. Anamuuza kuti ubwera pambuyo."

Ennie anayang'ana msewu. Fumbi la galimotoyo linali litakhazikika kale. Anaika kakhasu pansi.

"Ndikufuna kulankhula ndi atate."

"Kumene ali kulibe netiweki."

"Pa wayilesi."

"Wayilesi iyi ndi ya ntchito, Ennie. Si ya nkhani za m'banja."

Ennie sanasunthe. Anawauza za botolo la pansi pa bedi, za kapu ziwiri zimene Brenda anamwa, ndi zimene a Sakala ananena. Analankhula mosakweza mawu, ngati akuwerenga pa bolodi. A Monday anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaimirira n'kulowa m'kanyumbako, iye akutsatira.

Anaitana gulu la m'tchire kangapo. Wayilesi inkangosokosera. Kenako panamveka mawu a munthu wina, ndipo patapita kanthawi panamveka a Harris, akupuma mwamphamvu.

"Ndikumva, Monday. Kwagwanji?"

A Monday anapereka cholankhulira kwa Ennie n'kumuonetsa pokanikiza. Chala chake chinaterereka. Anayesanso. 

"Atate, ndine Ennie. Amalume atenga Brenda kupita naye ku Msoro. Akumumwetsa mankhwala aja a amayi." Anakanikizanso cholankhulira. "Ine sindinakumvereni. Botolo ndakapereka ku kiliniki. Akuti Brenda asamwenso, ndipo akufuna inu muvomere kuti akaliyeze."

Wayilesi inasokosera kwa nthawi yaitali. Ennie anaganiza kuti mawu aduka.

"Ukawauze kuti ndavomera," anatero a Harris. "Koma ine ndili kutali, galimoto yatisiya. Lero sindingafike. Monday, honda ya pa kampu ili ndi mafuta?"

"Alimo pang'ono. Ndikhoza kuwonjezera pa msika."

"Madzulo amupatsanso kapu ina. Alamu anga sangamvere sikauti, Monday. Mwina angamvere mwana wa mlongo wawo."

A Monday anatenga makiyi a njinga yamotoyo pa msomali. Anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana mapatapata amene Ennie anavala.

"Unayamba wawayankhapo amalume ako?"

Ennie anapukusa mutu.

"Kavale nsapato," anatero a Monday. "Njira ya ku Msoro ndi yaitali. Uganize zokanena tili m'njira."